Mau Amodzi Akumeza Anzake: Za Kusintha, Kusanduka ndi Kutembenuka

Pali chizoloŵezi chimene chaloŵa pakati pathu mwakachetechete, ndipo ife amene timaphunzitsa ndi kulalika m'Chicheŵa tili ndi mbali yathu pa mlandu wake. Tikatsekula wailesi timamva za kusintha kwa nyengo, kusintha kwa malamulo ndi kusintha kaganizidwe. Tikaŵerenga nyuzipepala tipeza kuti nduna yasinthidwa ndipo mitengo ya zinthu yasintha. Tikaloŵa m'tchalitchi mlaliki akutiuza kuti tisinthe moyo wathu, ndipo tsiku lina tidamva ndi makutu athu mlaliki wachinyamata akuphunzitsa ana kuti pa Misa mkate umasintha. Mau amodzi omweŵa asenzetsedwa katundu amene makolo athu ankagaŵira mau anai kapena asanu. Gwero lake silovuta kuliona. Ambiri mwa ife tidaphunzira kuganiza za Mulungu m'Chingerezi, ndipo popeza Chingerezi chili ndi liu limodzi lalifupi limene limaloŵa paliponse, timati tikafuna kumasulira maganizo athu tingotola liu loyamba la Chicheŵa limene lili pafupi, osayang'ana ngati kumudzi limanena zomwezo.

Tidazindikira kukula kwa vutoli pamene tidakhala miyezi ingapo m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, kuyambira ku Chia mpaka cha ku mtsinje wa Bua. Asodzi ndi amai ogulitsa nsomba kumeneko sadaŵerenge buku lililonse la malamulo a chilankhulo, koma sasokoneza mau ameneŵa. Tiyeni tiyambe tamva iwo.

Munthu akati wasintha malaya, palibe amene amaganiza kuti wapita nao kwa telala. Wavula ena, wavala ena. Akati akusintha ndalama, akupereka yaikulu kuti alandire zing'onozing'ono, monga m'mene dziko lonse lidachitira mu 1971 pamene mapaundi ndi mashereni adachoka, nkubwera kwacha ndi tambala. Amai ochokera kumtunda amafika pagombe ndi ufa kapena nkhuni nasinthanitsa ndi usipa, ndipo anyamata opalasa bwato amasinthana nkhafi mmodzi akatopa. Pa zonsezi zinthu zimakhala ziŵiri: china chichoka, china chiloŵa m'malo mwake, koma palibe chimene chakhudzidwa m'kati mwake. Malaya ovulidwa aja akadali malaya omwe aja, angopachikidwa pachingwe. Ndipo pa doko limeneli mau oti kusinthanitsa ali ndi mbiri yoŵaŵa. Kuyambira zaka za m'ma 1840, pamene Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, adakhazikika pano, minyanga ya njovu ndi anthu amoyo ankasinthanitsidwa ndi nsalu, mikanda ndi mfuti, naoloka nyanja pa zombo kuloŵera ku Kilwa. David Livingstone adaziona zimenezi pamene adafika mu 1861 ndiponso mu 1863. Munthu wogulitsidwayo sadaleke kukhala munthu, ngakhale ogulawo ankamuŵerengera pamodzi ndi mitolo ya nsalu.

Liu lomweli lili ndi ntchito yachiŵiri, pamene chinthu chisintha chokha popanda wochisintha. Msodzi amayang'ana kumwera nati nyanja yasintha, kutanthauza kuti madzi ada ndipo mafunde ayamba. Wogula amanunkhiza chambo nati chayamba kusintha. Tikakazonda wodwala, omudwazika amati zikusinthako, kapena amapukusa mutu nati palibe kusintha. Apa liuli likunena za maonekedwe, fungo, mphamvu, kapena m'mene chinthu chilili lero poyerekeza ndi dzulo. Nyanja ndi yomweyo, chambo ndi chomwecho, wodwala ndi yemweyo.

Tsono tibwerere kwa mlaliki wathu uja. Mwana wa msodzi akamva kuti mkate umasintha, angamve chimodzi mwa ziŵiri: kapena wansembe amachotsa mkate naikapo chinthu china ife tisakuona, kapena mkatewo umayamba kuoneka mwina, kununkhira mwina, monga umachitira ukagona masiku atatu. Zonse ziŵirizi nzosemphana ndi chiphunzitso cha Mpingo, ndipo yachiŵiriyo yachita kuchizondotsa. Msonkhano wa ku Trent, pa 11 Okutobala 1551, udaphunzitsa kuti maonekedwe a mkate ndi vinyo amatsala monga adaliri, pamene chenicheni chake cha mkate ndi vinyo chimaleka kukhalapo, nkukhala Thupi ndi Magazi a Ambuye. Papa Paul VI adabwereza zomwezo mu 1965 m'kalata yake Mysterium Fidei, potsutsa amene ankafuna kunena kuti chimene chimakhala chatsopano ndi tanthauzo chabe la mkatewo kapena ntchito yake. Ndiye kuti chokhacho chimene liu loti kusintha limatha kugwira, ndicho maonekedwe, nchimene pa guwa chimakhala chosasintha.

Liu loyenera tili nalo kale, ndipo amene adatitsogolera pomasulira mapemphero ndi katekisimu adalipeza: kusanduka. Chinthu chikasanduka, dzina lake lakale limatha ntchito. Timphutsi timene timakhala pansi pa nyanja timakwera nkusanduka nkhungu, zija zimaoneka ngati utsi pamwamba pa madzi, zimene amai amakola ndi madengu naumba zigumu zake. Mbululu imasanduka chule. Madzi a ku Kana adasanduka vinyo, ndipo palibe Mcheŵa anganene kuti adasintha vinyo, chifukwa zikadatanthauza kuti madziwo ndiwo adachita kanthu pa vinyoyo. Onani m'mene mneni ameneyu amagwirira dzina lotsatira popanda kamau kena pakati: wakuti wasanduka chakuti. Chiganizocho sichitha kuima osatchula chimene chinthucho chakhala tsopano.

Nanga nchifukwa chiyani alaliki ena akulithaŵa liu labwino chotere? Tidamufunsa mnyamata uja, ndipo yankho lake silinali lopusa. Iye adati m'kalasi la akatekumeni gogo wina adamuimitsa namufunsa kuti, "Aphunzitsi, inu mumatiletsa kukhulupirira zoti munthu amasanduka ng'ona. Nanga Abambo akamasandutsa mkate, mankhwala ake amaŵatenga kuti?" Kuyambira tsiku limenelo iye adaganiza zolisiya liulo. Aliyense amene adakhalapo m'mbali mwa nyanja akudziŵa kuti funsoli silochokera m'mabuku. Ng'ona ikagwira munthu pa dooko, anthu sachedwa kunong'onezana kuti siinali ng'ona wamba, monga m'mene kumapiri amanenera za fisi. Liu loti kusanduka limanunkha utsi wa nkhani zotere, ndipo kukana zimenezi nkudzinamiza.

Komabe tikuganiza kuti mnyamatayo adathaŵa pamene adayenera kukhala pansi, pakuti gogo uja adamupatsa phunziro lonse m'manja. Kodi m'nkhani za ufiti chimachitika nchiyani? Onena nkhanizo amati khungu ndi la ng'ona, mano ndi a ng'ona, koma m'katimo muli uje wa m'mudzi mwakuti, ndi nsanje yake yomwe ija, ndipo kukacha abwerera kunyumba kwake. Ndiye kuti maonekedwe ndiwo apita kwina, mwini wake watsala yemweyo, ndipo cholinga chake nkubisala kuti aphe. Pa guwa zonse zayenda mobwerera. Maonekedwe atsala, chenicheni ndicho chakhala china, sichidzabwereranso kukhala mkate, ndipo cholinga chake nkudzipereka kuti adyedwe. Wansembe alibe chizimba, ndipo mau amene amanena si ake. Katekisiti amene angalongosole kusiyana kumeneku pansi pa mtengo wa mango waphunzitsa za Ukaristia mozama kuposa amene waloŵeza liu la Chilatini la transsubstantiatio nalephera kulimasulira. Ngati pali amene akubwereka liuli molakwa, ndi onena za ng'ona aja, popeza chimene akufotokoza nkuvala chabe thupi la chilombo.

Pali malo ena m'Malembo pamene nkhaniyi imatembenukira kwina, ndipo pamenepo tiyenera kuyamika omasulira a masiku ano. Tikunena za zimene zidachitika paphiri, Petro, Yakobe ndi Yohane akuona. Buku Lopatulika, limene lidatuluka mu 1922 motsogozedwa ndi William Murray wa ku Nkhoma, lidasankha mneni woti kusandulika, ndipo liu limeneli lidakhazikika m'makutu a Akhristu ambiri. Buku Loyera la 1998, limene Akatolika ndi mipingo ina adamasulira pamodzi, lidasankha kunena za maonekedwe amene adasinthika. Ena adaona ngati omasulira atsopanoŵa achepetsa chozizwitsa. Ife tikuona kuti adalondola. Paphiri paja Yesu sadakhale chinthu china chimene sadali kale. Ulemerero umene udali wake chiyambire udangooneka kwa kanthaŵi. Mateyo ndi Marko adalemba ndi mneni wa Chigriki wa metamorphoo, koma Luka, amene ankalembera anthu ozoloŵera nthano za milungu yosanduka ng'ombe ndi mbalame, adaulambalala mneniwo nangonena za maonekedwe a nkhope, ndipo akatswiri ambiri a Malembo amaganiza kuti adachita dala. Luka adali ndi vuto lomwe lija la katekisiti wathu wa ku Chia. Kusiyana kwake nkwakuti iye adadziŵa pamene liulo liyenera kupeŵedwa, pomwe mnyamata wathu adalipeŵa pamalo pokhapo pamene silingasoŵe.

Tsopano tifike pa liu limene likuvulala kwambiri, ndilo kutembenuka. Mai akayanika usipa pa thandala, dzuŵa likakwera amautembenuza kuti mbali imene idali pansi ione dzuŵa. Mwera ukayamba asodzi ali pakati pa nyanja, amatembenuza bwato kuloza kumtunda. Munthu woitanidwa kumbuyo amatembenuka. Apa chinthu nchimodzi, sichidachoke ndipo sichidakhale china, koma kumene chidaloza kwasiyana, ndipo nkhope ili kumene kudali nkhongo. Liuli lili ndi kuwopsa kwakenso, pakuti bwato limene lakana kutembenuka nthaŵi ikadalipo, mafunde ndiwo amalitembenuza chadodolido. Manda a Chauncy Maples, episkopi wa Anglikani amene adamira pa nyanjayi mu Seputembala 1895 ngalaŵa yake itagubuduzika ndi namondwe, ali m'tchalitchi cha All Saints pa Nkhotakota pomwepa.

Aneneri a Chihebri poitana Aisraele ankagwiritsa ntchito mneni wa shub, amene tanthauzo lake nkubwerera kapena kupotoloka, ndipo Chipangano Chatsopano chili ndi metanoia. Omasulira athu adapeza mau aŵiri, kutembenuka mtima ndi kulapa, ndipo onse ndi a pakhomo. Mwana amene wapsa ndi moto timati walapa, sadzayambiranso. Chodabwitsa nchakuti Chilatini chimene tidaphunzira ku seminale chili ndi liu limodzi la conversio, lonena za munthu wobwerera kwa Mulungu ndiponso za mkate wa pa guwa, kotero kuti aphunzitsi a zaumulungu amataya masamba ambiri polekanitsa ziŵirizi. Chicheŵa chidalekanitsa kale. Mkate umasanduka, munthu amatembenuka. Wochimwa sakhala cholengedwa cha mtundu wina, ndipo Mulungu samutaya kuti atenge wina m'malo mwake; ndi yemwe uja, ndi mbiri yake ndi zipsera zake, amene wayang'ana kwina. Ife tikamalalika kuti anthu asinthe, tikutaya chuma chimene Aroma akadakondwa kukhala nacho.

Ku Nkhotakota zimenezi si nkhani ya m'kalasi. Chisilamu chidafika pano ndi a Jumbe zaka makumi asanu amishoni a Anglikani asadamange malo ao mu 1894, ndipo Akatolika tidabwera pambuyo pa onseŵa. M'banja limodzi mumapezeka wopita ku mzikiti Lachisanu ndi wopita ku tchalitchi Lamulungu, ndipo amadyera mbale imodzi ya kondowole. Achinyamata akakwatirana, kaŵirikaŵiri mmodzi amatsata mnzake, ndipo anthu amanena mosabisa kuti wakuti wasintha mpingo, kapena wasintha chipembedzo. Mverani bwino: sanena kuti watembenuka. Akudziŵa chimene akunena. Wavula malaya ena, wavala ena, ndipo ukwati ukatha akhoza kukatenga akale aja pachingwe, poti madzi saiŵala khwaŵa. Sitikuŵaŵeruza anthu otere, pakuti ambiri amachita zimenezi pofuna mtendere wa banja, ndipo mtendere wa pakati pa Asilamu ndi Akhristu m'boma lino ndi chinthu choyenera kuchisamala ngati dzira. Amene tikumuŵeruza ndi wansembe amene amalemba munthu wotere m'kaundula nauza episkopi kuti chaka chino atembenuka ochuluka. Kale tinkaonjezanso cholakwa china, pomuuza wobatizidwa kuti dzina la makolo ake lithe, atenge la woyera wa ku Ulaya, ngati kuti ubatizo ndi msika wosinthanitsirapo maina. Ndipo mbali inayo ya nkhaniyi ndi yoŵaŵa koposa: alipo Akhristu obadwira mu Mpingo amene sadasinthepo mpingo chibadwire, koma sadatembenukepo ngakhale kamodzi. Mlaliki amene ali ndi liu limodzi lokha la zonsezi sangathe kulankhula kwa iwo, chifukwa akati sinthani, iwo amayang'ana kwa mnansi wao wa ku mzikiti.

Mbiri ya dziko lathu ikutiphunzitsa zomwezo. Pa Nkhotakota pompano, mu 1960, msonkhano wa chipani cha Malawi Congress Party udapatsa Dr Hastings Kamuzu Banda utsogoleri wa chipanicho kwa moyo wake wonse, ndipo mu 1971 adakhala pulezidenti wamuyaya wa dziko, ndiye kuti wosasinthika. Kalata ya maepiskopi athu imene idaŵerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 sidatchule munthu woti achoke pampando. Idanena za malipiro a anthu osauka, za sukulu ndi zipatala, za anthu otsekeredwa popanda mlandu ndi za mantha oletsa munthu kulankhula. Kudali kuitana dziko kuti litembenuke. Koma mau amene adagwira m'misewu adali oti zinthu zisinthe, ndipo zidasinthadi, pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994. Palibe mwa ife amene angafune kubwerera kumbuyo kwa masiku amenewo. Koma amene amadandaula lero kuti tidasintha maboma kangapo pamene katangale ndi yemwe uja, akungotsimikiza kuti liulo lidapereka ndendende chimene limalonjeza: wina adachoka, wina adaloŵa.

Latsala liu lofatsa limene silimveka kaŵirikaŵiri pa gome lolalikira, ndilo kukonza. Masana aliwonse pagombe pamakhala amuna atatambalala pamthunzi, chala cha kuphazi chitakola ukonde, akusoka pamene pang'ambika. Bwato likachucha amalimata. Palibe amene amati akusintha ukonde, chifukwa kutero nkugula wina. Pamene Misa idachoka m'Chilatini nkuyamba kuchitika m'chilankhulo chathu, potsata chikalata cha Sacrosanctum Concilium cha pa 4 Disembala 1963, okalamba ambiri adadandaula kuti Mpingo wasintha, ndipo ena adafunsa ngati Misa ya makolo ao idali yabodza. Chikalatacho chidasiyanitsa bwino zimene Ambuye adakhazikitsa, zosati nkukhudzidwa, ndi zimene anthu adaonjeza m'kupita kwa zaka, zoyenera kuunikidwanso. Akadauzidwa kuti Mpingo ukukonza ukonde wake, msodzi aliyense akadamva msanga, pakuti amadziŵa kuti ukonde wa zaka khumi ulibe ulusi wambiri umene udabwera nao kusitolo, komabe ndi ukonde womwe uja. Chimodzimodzi Miphakati imene Ambuye Patrick Kalilombe adalimbikitsa m'dayosizi ya Lilongwe pa sinodi ya 1973 mpaka 1975: sadabweretse Mpingo wina, adasoka pamene padali pothaŵira nsomba. A nyumba ya malamulo nawonso akadatithandiza akadamatiuza poyera pamene akukonza lamulo ndi pamene akulichotsa nkuikapo lina, m'malo motchula zonse kusintha.

Ngakhale dzina la malo ano likuchitira umboni. Azungu adalemba Kota Kota pa mapu ao, ndipo pamene kalembedwe kadakhala Nkhotakota, eni ake sadamve kuti dzina lasintha, popeza pakamwa pao lidali lomwelo. Adangokonza cholakwa cha alendo. Koma pamene msonkhano wa chipani udalamula mu 1968 kuti Chinyanja chizitchedwa Chicheŵa, kumeneko kudali kusintha kwenikweni, dzina lina kuchoka, lina kuloŵa, chilankhulo chili chomwecho, ndipo anthu a m'mbali mwa nyanja, amene dzina lakalelo linkanena za iwo, adazimva mosiyana ndi a ku Kasungu.

Tisamveke ngati tikuti liu loti kusintha lichotsedwe. Pa nkhani ya nyengo, mwachitsanzo, lili pamalo pake, pakuti mvula ndi mphepo zikubwera mosiyana ndi kale. Koma ngakhale pamenepo anthu a kunyanja ali ndi mau akuthwa kuposa a m'maofesi. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 madzi adasefukira ku Dwangwa ndi madera ozungulira nagwetsa nyumba zambiri, ndipo chaka chomwecho nyanja idakwera nkuloŵa m'minda ndi m'makomo a m'mbali mwake. Alendo obwera ndi thandizo ankafotokozera anthu za kusintha kwa nyengo, anthuwo nkumavomera mwaulemu. Titamufunsa bambo wina za munda wake wa mpunga, adatiloza pamene padali bwato likuyandama nati, "Abambo, suja apo. Udasanduka nyanja."